PHUNZIRO 23: DZIMBIRI M'BUTI YA GALIMOTO YAKALE

TIWERENGE

Khasu likagona panja nthawi ya dzinja, limachita dzimbiri. Mpeni ukasiyidwa wonyowa, umachita dzimbiri. Galimoto nayonso ndi chitsulo. Ikakhala ndi madzi nthawi yaitali, dzimbiri limaidya.

M'phunziro lino tiona mmene amisiri amakonzera buti ya galimoto yakale. Buti ndi malo a kumbuyo oikamo katundu. Pa Chipwitikizi amati mala. Mmisiri wowongola ndi kuwotcherera thupi la galimoto amatchedwa bate-chapa.

Tiyeni tiwerenge modekha. Pamene pali mau achilendo, tiime, tifunsane.

GALIMOTO YA PHUNZIRO LATHU

Galimoto yathu ndi Peugeot 404. Anayamba kuipanga ku France mu 1960. Kumeneko analeka kupanga yonyamula anthu mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991. Zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 2,800,000.

Mu Africa anthu anaikonda chifukwa inkalimba pa misewu ya fumbi ndi matope. Inapambana mpikisano wa East African Safari kanai: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968.

Lole ili ndi zitsulo ziwiri zazikulu pansi, zotchedwa chasisi, ndipo thupi limangokhala pamwamba pake. Peugeot 404 yonyamula anthu ilibe chasisi yapadera. Malata ake opinda ndi owotcherera pamodzi ndiwo mafupa ake. Chotero pansi pa buti pakaola, mphamvu ya galimoto yachepa.

Magalimoto ambiri a zaka za m'ma 1960 sanakutidwe ndi zinki, chitsulo chotuwa chija chimene chimateteza malata a denga. Chitetezo chao chinali penti basi. Penti akakandika, chitsulo chimakhala pamtunda.

MNYAMATA NDI AMALUME AKE

Mnyamata wina wa ku Ulónguè analandira 404 ya agogo ake. Injini inkalira bwino. Tsiku lina anachotsa mkeka wa labala m'buti, napeza matuza ofiirira pa chitsulo. Anapita nayo kwa amalume ake, amene ndi bate-chapa.

— Amalume, ndipatseni phala lija lomatira magalimoto ndi penti pang'ono. Ndikamata apa, Loweruka ndikhala nditatha.

Amalume sanayankhe msanga. Anatenga msomali waukulu, naukanikiza pa thuza limodzi. Msomali unalowa ngati ukulowa m'dzungu lophika. Kunsi kunaoneka dothi.

— Mphwanga, waona? Ukamata ndi kupaka penti, maso akondwa. Koma dzimbiri latsala kunsi, ndipo lipitiriza kudya. Akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

— Nanga kabowo kakang'ono chonchi kangatani, amalume?

— Paipi ya utsi imatulukira pomwepa. Galimoto ikamathamanga, utsi umazungulira kumbuyo kwake, ndipo umalowa pa kabowo aka. Kuchoka m'buti umafika pa mpando wa kumbuyo, pamene umakhazika mayi ako ndi ana.

Amalume ananena zoona. Mu utsi wa injini muli mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Suoneka ndipo sununkha. Munthu akaupuma amamva mutu, chizungulire ndi tulo. Ukachuluka amakomoka, ndipo angathe kufa. Ichi ndi chifukwa choyamba chotsekera bowo la m'buti ndi chitsulo cholimba.

DZIMBIRI NDI CHIYANI?

Kuti dzimbiri libadwe pamafunika zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni umene timapuma. Zitatuzi zikakumana, chitsulo chimasanduka ufa wofiirira wopanda mphamvu.

Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya. N'chifukwa chake penti amatupa ndi kuchita matuza. Ndiponso dzimbiri limasunga chinyontho ngati nsanza. Dzimbiri lakale limamwetsa madzi chitsulo chabwino chimene chili pansi pake.

Mchere umafulumiza ntchito imeneyi. Galimoto yokhala ku Beira kapena ku Quelimane, kumene mphepo imachokera ku nyanja ya mchere, imaola msanga kuposa ya ku Tete kumene kuli kouma. Feteleza nayenso amadya chitsulo akanyowa. Tikumbukire zimene timanyamula m'buti: thumba la mchere, nsomba zouma za mchere, feteleza, mbatata za kachewere zokhala ndi dothi lonyowa. Zonsezi zimasiya kanthu pansi pa mkeka.

Dzimbiri lili ndi misinkhu itatu.

Loyamba ndi la pamwamba. Ukapala, chitsulo chowala chimaoneka, chosalala.

Lachiwiri ndi la timaenje. Ukapala, chitsulo chimaoneka ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba, koma msomali sulowa.

Lachitatu ndi loboola. Msomali umalowa, kapena chitsulo chimabonyoka ukachikanikiza ndi chala.

Loyamba ndi lachiwiri timapala. Lachitatu timadula.

NTCHITO YOYAMBA: KUPEZA POLOWERA MADZI

Munthu samazira nyumba denga likudontha. Tisanagwire chitsulo, tifufuze kumene madzi akuchokera.

Tichotse zonse m'buti: mkeka, jeke, zipangizo, nsanza. Tisese ndi kuumitsa. Kenaka tiyale mapepala ouma pansi ponse ndi m'mbali, titseke chitseko.

Tithire madzi ndi ndowa pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi. Choyamba pa nyali za kumbuyo. Titsegule, tione mapepala. Kenaka m'mphepete mwa chitseko cha buti. Titsegulenso. Potsiriza pa galasi la kumbuyo. Tikayambira pamwamba, madzi anyowetsa paliponse ndipo sitidziwa khomo lake.

Kawirikawiri wolakwa amakhala labala. Labala wa chitseko, wa galasi ndi wa nyali akakalamba amauma ndi kusweka. Labala wotere tisinthe.

Tiyang'anenso kunsi, pamwamba pa matayala a kumbuyo. Matope amamatirira m'makona ndipo amakhala onyowa masiku ambiri mvula itakata. Pamenepo dzimbiri limayambira kunja kulowa m'kati.

NTCHITO YACHIWIRI: KUCHOTSA ZA MOTO

Gawo ili tiliwerenge kawiri.

Thanki ya petulo ya 404 ili kumbuyo, pafupi ndi buti. Tisanadule kapena kuwotcherera, tiichotse ndi kuiika kutali, panja. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa kwambiri, chifukwa imadzaza ndi mpweya wa petulo umene umaphulika ndi kamoto kakang'ono. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Umatsika pansi ndi kukhala m'maenje. Titseke kukamwa kwa paipi ya petulo imene yatsala pa galimoto.

Timasule waya wa batire, kuyambira wa chizindikiro cha kuchotsa. Tichotse mpando wa kumbuyo ndi mawaya a nyali amene ali pafupi. Tipale phula la kunsi kwa galimoto mozungulira malo a ntchito, pakuti phula limayaka.

Pafupi pakhale ndowa ya mchenga. Moto wa petulo suzimitsidwa ndi madzi. Madzi amangoumwaza.

Ngati tikulowa kunsi kwa galimoto, tisakhulupirire jeke yokha. Tiike zitsulo zochirikizira kapena zipika zolimba za mtengo. Njerwa ai, chifukwa zimasweka mosachenjeza.

Titeteze maso ndi magalasi. Titseke mphuno ndi kamwa popala, chifukwa penti wina wakale ali ndi mtovu, ndipo fumbi lake limadwalitsa. Ana asasewere pa malo a ntchito.

NTCHITO YACHITATU: KUPALA

Tipale ndi burashi ya waya, kenaka ndi pepala lokhakhala, limene ambiri timati lixa. Amene ali ndi makina operera chitsulo agwiritse ntchito, koma asakanikize, chifukwa lata la galimoto ndi lopyapyala: pafupifupi milimita imodzi.

Tisalekere pamene thuza lathera. Dzimbiri limayenda kunsi kwa penti ngati chiswe m'kati mwa nsichi. Tipale mpaka titaona chitsulo chowala mbali zonse.

M'timaenje burashi siifika. Pamenepo tipake mankhwala a dzimbiri a m'sitolo. Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi asidi wa phosphoric, amene amasandutsa dzimbiri lotsala kukhala khungu lakuda lolimba. Tiwerenge malangizo a pa botolo ndi kuwatsata. Apa tikuona phindu la kudziwa kuwerenga. Tivale magolovesi, ndipo asidi asafike m'maso.

Mankhwala sabweza chitsulo chimene chatha. Pamene paboka, paboka.

NTCHITO YACHINAI: KUDULA NDI KUKONZA CHIGAMBA

Mayi wosoka chigamba pa malaya sasoka pa nsalu yofuka, chifukwa ulusi sungagwire. Amayamba wadula yofukayo. Chitsulo n'chimodzimodzi. Moto wowotcherera ukafika pa chitsulo cha dzimbiri, umangoboola.

Tilembe mzere ndi choko mozungulira malo oola. Mzere ukhale masentimita awiri m'kati mwa chitsulo chabwino. Mizere yowongoka ndi yosavuta kuitsata. Tisanadule, tiyang'ane kunsi kuti tisadule paipi ya mabuleki, waya, kapena chitsulo chochirikiza pansi pa buti.

Tikadula, tiike katoni kunsi kwa bowo ndi kulemba malire ake ndi pensulo. Tidule katoniyo, tiiyese pa bowo. Ikakwana bwino, tiigoneke pa lata latsopano, tilembe, tidule. Kulakwa pa katoni sikuwononga kanthu. Kulakwa pa lata kumawononga lata.

Lata la chigamba likhale lochindikala mofanana ndi la galimoto. Chitseko kapena boneti ya galimoto yakufa imapereka lata labwino, ngati ilibe dzimbiri. Malata a denga sayenera. Ndi opyapyala, ndipo zinki ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu mutu, kutentha thupi ndi kunjenjemera.

Tikayang'ana pansi pa buti tiona mizere yotukuka ngati mizere ya m'munda. Si yokongoletsa. Imalimbitsa lata kuti lisapindike ndi katundu. Chigamba chathu chikhalenso ndi mizere yotero. Mmisiri amaipanga ndi nyundo, atagoneka lata pa thabwa losemedwa ngalande.

NTCHITO YACHISANU: KUWOTCHERERA

Pali njira ziwiri zoikira chigamba. Ena amachisanjika pamwamba pa bowo. Njira iyi ndi yachangu, koma pakati pa malata awiriwo pamatsala mpata wosunga madzi, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwepo. Njira yabwino ndi kulowetsa chigamba m'bowo, milomo ya malata ikumane ngati matabwa a chitseko.

Lata lopyapyala limaopa moto wambiri. Likatentha kwambiri limapindika kapena kuboka. Makina a ndodo, amene timawotcherera nao mageti ndi mafelemu a mawindo, amaboola lata la galimoto msanga. Amisiri amakonda moto wa gasi kapena makina a waya otchedwa MIG.

Mmisiri amayamba ndi timadontho. Dontho limodzi pa kona iliyonse. Kenaka dontho pakati pa mbali iliyonse. Amadumpha uku ndi uku, osatsatiza malo amodzi. Amaima kuti chitsulo chizizire, mpaka dzanja litatha kukhudza pafupi. Amabwereza chotero kufikira timadontho tonse titalumikizana kukhala msoko umodzi.

Mnyamata uja anatopa ndi kudikira.

— Amalume, bwanji osangokoka mzere umodzi, tithane nazo?

— Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Ndikakoka mzere umodzi, lata lipindika ngati chikopa chouma padzuwa. Iwe gwira mchenga, uziyang'ana kunsi ngati phula layaka. Moto wanga usauyang'ane, ukuwotcha maso.

Msoko ukatha, tiupere pang'ono kuti usalale. Tisapere kwambiri, tingapyapyalitse lata. Madzulo mnzathu aunike ndi tochi kunsi, ife tiyang'ane m'buti. Pamene kuwala kwatulukira pali kabowo. Tikatseke ndi dontho lina.

Pali malo ena ofunika mmisiri wozolowera: pamene pamangika masipuling'i ndi mashoko, ndi zitsulo zazitali zochirikiza pansi pa galimoto. Malo amenewa amanyamula kulemera konse. Wophunzira asawagwire yekha.

NTCHITO YACHISANU NDI CHIMODZI: KUTETEZA

Chitsulo chopalidwa chimayamba dzimbiri msanga, ngakhale usiku umodzi wa mame. Tisachisiye chamaliseche.

Tipukute fumbi ndi mafuta onse. Tipake penti woyamba, woletsa dzimbiri, amene pa chitini amalembedwa primário. Tipake mbali zonse ziwiri: m'buti ndi kunsi. Ambiri amaiwala kunsi chifukwa sikuoneka, koma kunsi ndiko kuli matope.

Penti woyamba akauma, timate msoko ndi phala lotsekera misoko, limene limakhala lofewa ngati labala. Kenaka tipake penti wa mtundu kawiri. Kunsi tiwonjezere phula la magalimoto. Phula lipakidwe pa penti wouma, osati pa dzimbiri, chifukwa phula limabisa dzimbiri ndi kulisungira chinyontho.

Nanga phala lomatira limene mnyamata anapempha? Lili ndi ntchito yake: kusalaza tizigwa pa chitsulo chabwino chimene chatsekedwa kale. Likaikidwa pa bowo, limamwa madzi kuchokera kunsi, limasweka ndi kugwedezeka kwa msewu, ndipo limagwa.

M'makona obisika, mmene burashi ya penti siifika, tipopere phula lamadzi loteteza chitsulo kapena mafuta. Potsiriza tiyang'ane timabowo totulutsira madzi timene fakitale inasiya pansi pa buti. Titsegule ndi waya. Tisatimate.

Tikabwezera thanki, tione ngati paipi zake sizikudontha. Tionenso paipi ya utsi, kuti isakhale yoboka.

NTCHITO ITATHA

Ntchito ya Loweruka limodzi inatenga masabata awiri. Itatha, amalume anayala mapepala m'buti, nauza mnyamata kuti athire ndowa zitatu. Mapepala anatuluka ouma. Anampatsa msomali uja.

— Kanikiza paliponse pamene ukufuna.

Msomali sunalowe.

— Tsopano ntchito yatsala kwa iwe, mphwanga. Mwezi uliwonse wa dzinja uzivundukula mkeka. Ukanyamula mchere kapena feteleza, uziyala pulasitiki, ndipo ukatsitsa uzisesa. Matope a kunsi uzitsuka. Ukaona kathuza, ubwere tsiku lomwelo, kasanakule.

— Ndamva, amalume. Zikomo.

MAU ATSOPANO

dzimbiri, buti, chigamba, msoko, kuwotcherera, zinki, okosijeni, milimita, sentimita

Tiwawerenge mokweza. Tiwagawe m'maphatikizo: dzi-mbi-ri, chi-ga-mba, ku-wo-tche-re-ra.

MAFUNSO

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimabala dzimbiri.
2. Chifukwa chiyani bowo la m'buti ndi loopsa kwa anthu a pa mpando wa kumbuyo?
3. Chifukwa chiyani timathira madzi kuyambira m'munsi pofufuza polowera?
4. Thanki yopanda petulo ndi yoopsa bwanji?
5. Chifukwa chiyani malata a denga sayenera kukhala chigamba?
6. Amalume anakana phala lomatira. Fotokozani chifukwa chake m'mau anuanu.

TILEMBE

Lembani ziganizo izi m'kope, ndipo mudzaze pamene pasowa mau.

Dzimbiri la pamwamba timapala, koma loboola tima________.
Moto wa petulo timazimitsa ndi ________.
Penti woyamba timapaka mbali zonse ________.

TIWERENGERE

1. Galimoto inapangidwa mu 1965. Inali ndi zaka zingati mu 2025?
2. Malo oola ndi masentimita 16 m'litali ndi masentimita 10 m'lifupi. Tikuwonjezera masentimita 2 mbali iliyonse. Chigamba chikhala chachitali bwanji? Chikhala chachifupi bwanji?
3. Tikazungulira chigamba chimenechi mbali zonse zinai, msoko ukhala masentimita angati?
4. Mmisiri akuika dontho pa masentimita 4 aliwonse a msokowo. Aika madontho angati?

TIKAMBIRANE PA GULU

Si tonse tili ndi galimoto. Koma tili ndi makasu, mapulawo, njinga, ngolo, wilibala ndi migolo ya madzi. Aliyense atchule chitsulo chimodzi cha pakhomo pake chimene chagwidwa ndi dzimbiri. Madzi akuchifikira bwanji? Dzimbiri lake ndi la msinkhu uti: la pamwamba, la timaenje, kapena loboola?

Pa phunziro lotsatira aliyense abwere ndi chitsulo chimodzi chaching'ono. Gulu lipeze burashi ya waya, lixa ndi mafuta pang'ono. Tidzapala pamodzi, ndipo aliyense adzalemba ziganizo zitatu zofotokoza zimene wachita.